Masese a nkhumba sakutulutsa mitu mu ndulu, talakwitsa pati?

Wophunzira wa ku Chipata:
Akuluakulu, tikuyesa mu labu ngati kuthira nyama mchere kumapha masese, timatumba ta madzi tokhala ndi ana a njoka ya m'mimba. Tikumawaviika mu ndulu kuti amoyo atulutse mitu, koma ngakhale a nyama yopanda mchere angoti zii. Kodi tiyambe ndi asidi ngati wa m'chifu?

Dokotala wa ziweto, Katete:
Musathamangire asidi. Chimene chimadzutsa mwana wa njoka imeneyi, Taenia solium, ndi ndulu ndi kutentha kwa thupi, madigiri 37. Pa tebulo la labu, makamaka mwezi wa June, adzagona mpaka kalekale. Chotsani masese ndi lumo mosaboola kathumba ka madzi kaja, muwatsuke m'madzi a mchere wa 0.9 peresenti, kenaka muwaike mu ndulu yosungunula ndi madzi omwewo. Yang'anani pakapita maola angapo, komanso m'mawa mwake. Wamoyo amatambasula khosi, mutu uli ndi zoyamwira zinayi ndi timbedza, n'kumagwedezeka. Nyama ikhale yatsopano. Ngati inaumapo gwa mufiriza, mukuyesa mitembo.

Katswiri wa mu labu:
Zoona, koma ngati funso ndi la munthu amene wadya nthuli yonse, chifu chiyenera kukhalapo. Njira ya INFOGEST, yotsanzira mu labu mmene thupi limagayira chakudya, imatere: m'kamwa mphindi 2 pa pH 7 (pH ndi muyeso wa asidi: ikatsika, asidi wachuluka), m'chifu maola 2 ndi pepsin (chogaya chakudya cha m'chifu) pa pH 3, m'matumbo maola 2 ndi pancreatin (zogaya chakudya za m'matumbo) ndi ndulu pa pH 7, zonse pa madigiri 37 mukugwedeza pang'onopang'ono. Ambiri amagwa posamukira m'matumbo. Mukathira ndulu asidi akadalipo, imachita matope pansi ndipo pancreatin sagwira ntchito. Yambani mwakweza pH ndi sodium hydroxide, dontho ndi dontho. Nyamanso payokha imakweza pH ya m'chifu, ndiye muziyeza pafupipafupi, osati kamodzi poyamba.

Mphunzitsi wa za tizilombo, Petauke:
Kutulutsa mutu kumangosonyeza kuti ndi wamoyo. Botolo la mu labu lilibe khoma la matumbo loti timbedza tigwire, choncho musalembe kuti "angadwalitse". Gawani masese a nkhumba imodzi m'magulu onse, chifukwa ena amakhala atafa kale n'kuuma ngati timiyala. Ndipo musasokoneze: kudya masese kumabweretsa njoka ya m'mimba, koma mazira a m'chimbudzi cha munthu ndi amene, akamezedwa, amaswa ana ofika ku ubongo n'kuyambitsa khunyu. Ntchito ya mazira ndi ya labu yotetezedwa bwino. Zotsala zanu muziwiritse kapena kuziwotcha musanataye.