Oilo ya injini tizisintha pa makilomita angati, nanga synthetic ilidi ndi phindu?

Muli bwanji abale, ndithandizeniko nzeru inu odziwa za magalimoto. Ndili ndi Toyota Allion yochoka ku Japan, yayenda kale mtunda ndithu, ndiye amakanika awiri akundiuza zosiyana mpaka mutu wazungulira. Wa ku Chilenje kuno ku Lusaka akuti ndizithira oilo ya mineral (oilo wamba) yokhuthala 20W-50 ndi kusintha pa 5,000 km iliyonse pamodzi ndi fyuluta, koma wina wa ku Matero akuti ayi injini imeneyi imafuna yopyapyala 5W-30 ya synthetic (oilo yopangidwa mwapadera ndi makemikolo) ndipo imatha kufika 10,000 km osavuta.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi mayendedwe anga. Tsiku ndi tsiku ndi Great East Road m'mawa ndi madzulo, jamu yake mukuidziwa, galimoto yangoima injini ikulira koma makilomita sakuwerengedwa, kuonjezera fumbi la ku komboni kwathu nyengo ino yotentha. Ndikasolola dipstick (kachitsulo koyezera oilo) oilo imakhala yada bii msanga, ngakhale siitsika kwenikweni. Kodi kudako ndiye kuti yatha mphamvu kapena ndi mmene imagwirira ntchito?

China, ndamva kuti synthetic mu injini yakale imayambitsa kudontha pa ma seal (timphira totchinga oilo kuti isatuluke), alipo zinamuchitikira? Mtengo wake ndi wokwera ndiye sindifuna kutaya ma kwacha chabe, komanso kukonzetsa injini ndiye koopsa kuposa. Ndipo oilo yabodza yothira m'zigubu zakale mumaizindikira bwanji pogula? Makamaka inu a ma taxi amene mumayenda kwambiri, ndiuzeniko mumatani.