Madzi a m'khola akutsikira kuchitsime, tichitenji mvula isanayambe?

Mlimi wa ku Angónia:
Abale, ndithandizeni nzeru. Khola la ng'ombe 9 lili pamtunda, kumunsi kwake kuli chitsime cha mudzi pa mtunda wa mamita 20, kenako dambo lomwe limathira mu mtsinje wa Lifidzi. Mvula ikagwa, madzi akuda otuluka m'khola amadutsa pambali penipeni pa chitsime. Kodi ndikumbe dzenje loti azigweramo, kapena khola lichoke?

Mlangizi wa ziweto, Ulongwe:
Bambo, kholalo lichoke, ndipo lichoke mwezi wa Novembala usanafike. Khola silikhala kumtunda kwa chitsime. Liikeni kumunsi kapena chammbali, mamita osachepera 30, ndipo ngati dothi ndi lamchenga onjezerani mpaka 50.

Koma kusamutsa kokha sikukwanira. Madzi ambiri amene amakokolola ndowe ndi ochokera kumtunda, amene amangolowa m'khola ali oyera n'kutuluka ali akuda. Kumbani ngalande kumtunda kwa khola, yakuya masentimita 40, dothi lake muliunjike mbali ya khola, kuti madziwo azilambalala. Folerani mbali imene ng'ombe zimagona. Pansi yalani mapesi, makoko a nyemba kapena udzu wouma, muziwonjezera pakayamba kuchita matope. Zimenezi zimamwa mkodzo, ndipo mumkodzomo ndi momwe muli mbali yaikulu ya nayitrojeni amene mumakamugula m'thumba la ureya. Ng'ombe imodzi yaikulu imatulutsa ndowe zoposa makilogalamu 10 patsiku, ndiye ganizirani chimene ng'ombe 9 zikutaya dzinja lonse.

Kumunsi kwa khola siyani mzere wa udzu wa mamita 5 mpaka 10 wosalima. Vetiva mubzale mopingasa chitunda, mapando otalikirana masentimita 10 mpaka 15. Mukatalikitsa, madzi amaboola njira pakati n'kuyambitsa chigwembe.

Mayi wolima kachewere, Tsangano:
Zadzenjezo ine ndikukana, achimwene. Pafupi ndi dambo madzi apansi amakwera kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale. Dzenje limasefukira, kapena limamwetsa zonyansazo m'madzi omwewo amene chitsime chikukoka. Nkhuti ndi za kumtunda kouma, kumene pansi pa dzenje papatukana ndi madzi apansi ndi mamita awiri.

Ndowezo unjikani pamwamba kuti mupange manyowa. Sankhani malo okwererapo, tsindirani dothi lamakande, mulu ukhale mita imodzi ndi theka m'lifupi ndi msinkhu wofika pachifuwa. Yambani ndi mapesi oduladula masentimita 20, ndowe masentimita 5 mpaka 10, phulusa pang'ono chabe, n'kubwereza. Chinyezi chake: mukafinya m'manja zigwirane koma madzi asachuche. Zikani ndodo pakati. Pakatha masiku 3 kapena 4 izituluka yotentha. Ikatuluka yozizira ndi youma, thirirani. Ikatuluka yonunkha zowola, madzi achuluka, phwasulani muwonjezere mapesi. Tembenuzani pakatha masabata atatu, zakunja zilowe m'kati, chifukwa kutentha kwa madigiri 55 kupita m'tsogolo ndi kumene kumapha tizilombo ndi njere za udzu. Pamwamba vindikirani ndi udzu kapena pulasitiki. Miyezi iwiri kapena itatu manyowa apsa. Ndowe zaziwisi musakamwaze m'dimba la m'mbali mwa mtsinje mitambo itachita kale mdima, zimenezo n'kungopatsa mtsinje wa Revúbuè, ndipo kumunsiko anthu a ku Moatize akumwa.

Wazaumoyo, Furancungo:
Ndiwonjezere za ana a ng'ombe. Ndowe za kamwana kotsekula m'mimba zimatha kukhala ndi kachilombo ka Cryptosporidium, kamene kamatsekulitsa kwambiri ana athu aang'ono. Certeza, mankhwala a klorini othira m'madzi akumwa, amapha mabakiteriya, koma kachilombo aka kamapirira klorini, ndiye madzi a chitsime chimenecho muziwiritsa mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu. Kuwiritsako sikuchotsa nayitireti wochokera ku ndowe, amene ndi woopsa kwa makanda osakwana miyezi 6. N'chifukwa chake ndikugwirizana ndi alangizi kuti khola lichoke.

Chitsimecho chimangireni mlomo wokwera, chivindikiro ndi mpanda. Ziweto zizimwera m'chomwera chapatali, osati pachitsime.

Mlimi wa ku Angónia:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga madzi otsala tikapopera ng'ombe mankhwala a nkhupakupa?

Mlangizi wa ziweto, Ulongwe:
Amenewo ndiye musayerekeze kutsukira pampu kudambo. Mankhwala a nkhupakupa monga cypermethrin amapha nsomba ngakhale atakhala wochepa kwambiri. Sungunulani wokwanira tsikulo basi, poperani pamalo athyathyathya kutali ndi madzi, tsiku lopanda mvula, ndipo ng'ombe zisaoloke mtsinje zisanaume. Botolo litsukuluzeni katatu, madziwo muthire m'pampu momwemo, kenako libooleni kuti wina asasungiremo mafuta ophikira. Za komwe mungakasiye mabotolowo funsani ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi ziweto.