Ndikupita koyamba ku msonkhano wa ojambula maukwati, ndikafunse chiyani kwa akatswiri?

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndajambula maukwati kwa zaka ziwiri, koma ambiri ndimapita ngati wothandizira munthu wina. Amene ndinagwira ndekha ndi asanu okha. Mwezi wamawa kuli msonkhano waukulu wa ojambula zithunzi, wa masiku atatu, ndipo ndalembetsa kale. Nditaona pulogalamu yake mutu wangozungulira. Makalasi ambiri akuchitika nthawi imodzi m'zipinda zosiyana. Ena ndi ongokhala pansi n'kumvera, ena ndi otuluka panja ndi kamera kukajambula anthu ovala zaukwati, palinso nthawi yoti katswiri aone zithunzi zako n'kukuuza zoona, kenako holo ya makampani ogulitsa zida.

Chandikankha kuti ndipite ndi ukwati womaliza, umene unandichititsa manyazi. Tinatuluka m'tchalitchi dzuwa lili paliwombo, mkwatibwi ali mu diresi loyera mbee, mkwati mu suti yakuda bii. Ndikachepetsa kuwala kuti mikanda ya pa diresi ioneke, nkhope ya mkwati imalowa mumdima. Ndikawonjezera, diresi limangosanduka chinthu choyera chopanda maonekedwe. Madzulo ku holo nako denga linali lalitali komanso lakuda. Flash ndinailozetsa m'mwamba monga ndinazolowera, kuwala osabwerera. Zithunzi za nthawi yovina zambiri zinada, zina zinatuluka ndi mizere yopingasa. Mkwatibwi sanandikalipire, anangoti "zikomo", koma zikomo wake uja mukumudziwa.

Ndili ndi kamera imodzi, lenzi ya 24-70mm f/2.8, ina ya 50mm f/1.8, ndi flash imodzi. Inu amene munapitako kumisonkhano yotere, ndisankhe makalasi ati? Nanga munthu wotchuka amene aliyense akufuna kumugwira chanza umamuyamba bwanji osaoneka wovuta?

Membala wina:

Achimwene, ine ndajambula maukwati zaka zoposa khumi, ndiye ndikuuzani mosapita m'mbali. Choyamba kalembetseni lero lomwe pa nthawi ija yoonetsa zithunzi kwa katswiri, malo ake amatha msanga. Ndipo musatengeko zithunzi zanu zokongola zokhazokha. Tengani ukwati womwe wakupwetekaniwu, pamodzi ndi ma file a RAW, aja osakonzedwa ochokera mu kamera, kuti munthuyo aone ma setting amene munagwiritsa ntchito. Ulendo wanga woyamba ndinanyamula zabwino zokha, anandiyamikira, ndinabwerera kunyumba ndikumwetulira koma mbuli momwe ndinapitira.

Makalasi otuluka panja aja ndi abwino, koma muchenjere nawo. Amene mumajambulawo ndi anthu ozolowera kamera, amadziwa okha poika chibwano ndi manja, malo asankhidwa kale, nthawi yake ndi yoti dzuwa lapendeka. Aliyense amachokako ndi chithunzi chokoma n'kumadziona ngati wapsa. Mkwatibwi weniweni amakhala watopa, nsapato zikumuluma, ndipo wakupatsani mphindi khumi basi. Ndiye pamenepo maso anu asakhale pa kamera yanu yokha. Muzimvetsera mawu amene mphunzitsiyo akulankhula kwa ojambulidwawo, muziona pamene waima, ndi chimene wayang'ana asananyamule kamera. Funso limene ine ndimafunsa aliyense ndi ili: "Mungationetse ukwati umodzi wonse, kuyambira m'mawa mpaka usiku?" Zithunzi makumi awiri za pa sikirini zasankhidwa m'maukwati ambirimbiri. Mu ukwati umodzi wathunthu ndi momwe mumaonera zimene munthu amachita kuwala kukamukana.

Membala wina:

Za diresi ndi sutizo musadikire msonkhano, yambani kuyeserera sabata ino. Yezerani kuwala pa diresi. Yatsani chenjezo lija lophethira pa sikirini ya kamera, muchepetse mpaka diresi lisiye kuphethira. Pa RAW malo akuda mumatha kuwadzutsa pa kompyuta, koma poyera pakapserera palibe chobwezera. Chachikulu n'chakuti musalimbane ndi dzuwa la masana. Apititseni pamthunzi, kapena dzuwa likhale kumbuyo kwawo inu muwalitse nkhope ndi flash. Kumbukirani kuti makamera ambiri amagwirizana ndi flash mpaka pa liwiro la shutter la 1/200 kapena 1/250 ya sekondi. Kupitirira apo pamafunika high-speed sync, njira yoti flash igwirizane ndi shutter yothamanga kwambiri, ndipo imadya mphamvu ya flash kwambiri.

Dengalo silinakulakwireni. Mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kofika kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye kuwala kwanu kunayenda ulendo wautali kupita ndi kubwera, denga lakuda n'kumeza kotsalako. Yang'anani khoma loyera chapafupi, apo ayi flash ichoke pa kamera ikhale pa sitandi ndi trigger, kachipangizo koiyatsira ili patali. Mizere ija kawirikawiri imabwera magetsi a LED akakumana ndi electronic shutter, ija yojambula mosamveka phokoso (silent shutter). Bwererani ku mechanical shutter, ija yomveka ikamajambula, ndipo ngati kamera yanu ili ndi anti-flicker, setting yothana ndi kuphethira kwa magetsi, iyatseni. Ku msonkhanoko fufuzani kalasi ya off-camera flash, yophunzitsa flash yochotsedwa pa kamera, imene mugwire zida ndi manja anu. Imeneyo yokha ikubwezerani ulendo wonse.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri. Ndaona ma file, ndinalidi pa silent shutter kuchokera m'tchalitchi, ndinaiwala kusintha. Kutenga ukwati woipawo kukundiopsa, koma ndamva.

Membala wina:

Ine ndinapitako ku WPPI, msonkhano waukulu wa ojambula maukwati wa ku Las Vegas. Chimene palibe anandichenjeza ndi holo ya ogulitsa ija. Umalowa kuti ungoona, umatuluka ukukhulupirira kuti vuto lako lonse ndi lenzi imene ulibe. Ambiri olankhula m'makalasi ndi akazembe a makampani a makamera kapena a magetsi. Si kuti akunama ayi, ntchito amaidziwadi, koma akanena kuti "ndimagwiritsa ntchito chakuti", inu funsani kuti "nanga amene ali ndi flash imodzi yokha angatani?" Katswiri weniweni funso limenelo amalikonda.

Za kuwayamba, musathamangire kutsogolo kalasi ikangotha, pamakhala chigulu cha ofuna selfie. Dikirani pakhonde, chithunzi chimodzi chili chotsegula kale pa foni, funso limodzi lalifupi. "Ndingakhale bwanji katswiri?" palibe angayankhe. "Apa mukanaika kuti flash?" amayankha, nthawi zina mpaka kukulandani foni n'kuyamba kuloza ndi chala. Ngati kuli mpikisano wa zithunzi zosindikiza umene oweruza akukambirana pagulu, kakhaleni kumbuyo ola limodzi. Mukamva akutsutsana za dzanja limene ladulidwa m'mphepete kapena khungu limene lasalazidwa mopyola, diso lanu silikhalanso chimodzimodzi. Muvalenso nsapato zofewa, kumayendedwa kumeneko.

Membala wina:

Pepani ndikhala wosiyana nanu. Masiku atatu omvera anthu sangafanane ndi maukwati khumi ojambula pambali pa munthu wodziwa. Ine sindinapondeko ku msonkhano uliwonse ndipo ntchito sindisowa. Koma poti mwalembetsa kale, pitani mukasake munthu woti muzikamuthandizira, osati ma notsi. Chinanso, mwati kamera imodzi? Imalowa makhadi osungira zithunzi angati?

Wofunsa:

Khadi imodzi, bwana.

Membala yemweyo:

Ndiye vuto lanu lalikulu si denga. Chithunzi chakuda mukhoza kupepesa, koma khadi ikafa kapena shutter ikaima pakati pa malumbiro, mukauza chiyani banja la eni? Ukwati sabwereza. Mpaka mutapeza kamera ya makhadi awiri, muzibwereka kapena kuchita hayala yachiwiri tsiku la ntchito, ndipo mukafika kunyumba musagone zithunzi zisanakhale malo atatu, amodzi mwa iwo kunja kwa nyumba yanu. Mu holo ya ogulitsa ija, ngati muti muyang'ane kanthu, yang'anani zimenezo.

Membala woyamba uja:

Apa anena zoona, ngakhale za msonkhanozo sindikuvomereza. Ine munthu amene ndinamuthandizira zaka ziwiri ndinakumana naye pa mzere wodikira kalasi. Ndiwonjezere kamodzi: pasakhale tsiku lonse la magetsi okhaokha. Lowaniko kalasi imodzi ya kayendetsedwe ka tsiku la ukwati ndi mapangano olemba. Dzuwa la paliwombo lija mukanalipewa mukanakhala pansi ndi eni ukwati milungu ingapo m'mbuyo n'kugwirizana kuti zithunzi za awiriwo zijambulidwe chakumadzulo.

Wofunsa:

Ndalembetsa kwa katswiri woona zithunzi tsiku loyamba m'mawa, kalasi ya flash masana ake, ya mapangano tsiku lachiwiri. Lachitatu ndalisiya lopanda kanthu kuti ndizikazungulira pakhonde. Funso lomaliza: andipatsa mphindi 20 zokha. Ndinyamule zithunzi zingati, ndipo ndisindikize kapena pa laputopu pakwana?

Membala woyamba uja:

Laputopu, batire yodzadza, osadalira intaneti ya pamalopo. Zithunzi 15 zikwana: khumi zimene mumazinyadira, zisanu za pa tchalitchi ndi mu holo muja. Muyambire zisanuzo, nthawi isakuthereni akukuyamikirani.