Wophunzira walemba kuti thupi limazolowera mankhwala: ndimuwongolere bwanji?

Mphunzitsi wa luso lolemba: Aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru. Mtsikana wina m'kalasi mwanga akukonzekera mpikisano wa achinyamata wolemba nkhani za sayansi, ndipo wasankha mutu wa tizilombo tosamva mankhwala. Nkhani yake ikuwerengeka bwino, koma yatsamira pa chiganizo chonena kuti munthu akamamwa maantibayotiki (mankhwala opha mabakiteriya) pafupipafupi, thupi lake limawazolowera. Malamulo a mpikisanowu akufuna kuti ntchito ikhale ya mwanayo mwini, choncho sindikufuna kumulembera.

Mphunzitsi wa bayoloji: Cholakwikacho n'chachikulu, Aphunzitsi, chifukwa amene amasintha ndi mabakiteriya, osati thupi la munthu. Pakati pa mabakiteriya ochuluka pamakhala ochepa amene majini awo (malangizo achibadwa a m'maselo awo) anasintha mwanjira yoti mankhwala sangawaphe, ndipo mankhwalawo akapha anzawo onse, otsalawa amaswana popanda wolimbana nawo malo kapena chakudya. Bakiteriya wa mtundu wa E. coli akapeza zonse zofunika amatha kugawikana pawiri mphindi 20 zilizonse, kotero kuti m'maola 7 mmodzi akhoza kusanduka oposa 2 miliyoni. Musamupatse nambala imeneyi. Mupatseni pepala awerengetsere yekha. Kenako mumufunse kuti, ngati vuto lili m'thupi lozolowera, n'chifukwa chiyani munthu amene sanamwepo maantibayotiki amatha kudwala matenda osamva mankhwalawo atawatengera kwa wina?

Amene anakhalapo woweruza mipikisano yolemba: Funso limenelo ndi labwino ndithu. Poweruza, timalekerera nkhani imene yasiya mfundo zina pofuna kuti owerenga wamba amve, koma sitilekerera imene yanena zabodza pofuna kufewetsa. Nkhawa yanga ndi yakuti akazindikira cholakwikacho, angathe kudzaza ndime zake ndi mawu ovuta a m'mabuku kuti aoneke wodziwa. Mawu aliwonse a sayansi amene agwiritse ntchito awafotokoze pomwepo, ndipo amene sangathe kuwafotokozera mnzake wosaphunzira bayoloji awachotse. Ngati akufuna munthu woti owerenga amutsatire, alipo wasayansi Alexander Fleming, amene mu 1928 anaona kuti nkhungu yomwe inamera m'mbale yake yokulitsira mabakiteriya inali itapha mabakiteriya oizungulira, ndipo kumeneko n'kumene penisilini, mmodzi wa maantibayotiki, anachokera.

Mphunzitsi wa kemisitiri: Pepani, pa mfundo ya Fleming ndikusiyana nanu pang'ono. Nkhani ya mbale ija ophunzira ambiri amayambira pomwepo, ndipo oweruza anatopa nayo. Chimene chikugwirizana ndi mutu wa mtsikanayu ndi cha mu 1945, pamene Fleming, polandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Howard Florey ndi Ernst Chain, anachenjeza kuti penisilini wochepa kwambiri, wosakwanira kupha tizilombo, angachititse kuti tizilomboto tisamamvenso mankhwalawo. Akaika mfundoyi pambuyo pofotokoza za mabakiteriya otsala aja, owerenga amvetsa chimene Fleming ankaopa.

Mphunzitsi wa luso lolemba: Zikomo nonse. Ndamufunsa funso lija, ndipo ataganiza kwa kanthawi anafufuta yekha chiganizocho n'kuyamba kulembanso ndime yachiwiri. Chatsala ndi ndime yaitali yonena za chimfine, imene ikudya malo pamene chiwerengero cha mawu chili ndi malire. Kodi aichotse?

Mphunzitsi wa bayoloji: Asiyepo chiganizo chimodzi chonena kuti chimfine chimayamba ndi mavairasi, amene maantibayotiki sawapha, choncho kuwamwa pa chimfine kumangopatsa mpata mabakiteriya osamva mankhwala omwe ali kale m'thupi kuti achuluke. Zina zonse m'ndimeyo achotse.