Ndisankhe matayala ati oyendera chaka chonse kuno ku Ottawa?

Abale ndi alongo amene mwakhalitsa kuno ku Canada, ndikupempha nzeru zanu pa nkhani ya matayala a galimoto. Ndimakhala ku Ottawa m'nyumba yalendi yopanda posungira katundu, choncho kugula matayala ena anayi a nyengo yozizira n'kumawasintha kawiri pachaka kukundivuta. Ndikufuna oti ndiziyendera chaka chonse pa Toyota Corolla yanga.

Amene alipo panopa ali ndi zilembo za M+S zokha (zoimira matope ndi chipale chofewa), ndipo kunja kukazizira mpaka kufika pansi pa madigiri 7 labala wake amalimba, moti pamphambano pamene chipale chofewa chapondedwa n'kusanduka ayezi, galimoto imatsetsereka ngakhale nditaponda mabuleki msanga. Ndauzidwa kuti ndifunefune okhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu chokhala ndi kachithunzi ka chipale pakati, chosonyeza kuti tayalalo linayesedwa pa chipale chofewa, monga Michelin CrossClimate 2 kapena Toyo Celsius.

Inu amene munawagwiritsapo ntchito, kodi amagwira bwanji msewu mu Januwale, nanga satha msanga m'nyengo yotentha? Komanso, kodi makampani a inshulansi ku Ontario amachotsera mtengo munthu akaika matayala oterewa, monga amachitira ndi a nyengo yozizira enieni?