Masilaidi 41, mphindi 10, bodi ikukumana Lachinayi

Nabanda: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndabwera ndi vuto ndipo masiku andithera. Lachinayi ndikaima pamaso pa bodi koyamba, abwana anga a zachuma ali patchuthi ndiye andiponyera ine mpira. Kampani yathu ili ku Makata, timapanga zigubu, ndowa ndi mabeseni. Njere za pulasitiki, timibulu tomwe timasungunula popanga katunduyu, timagula kunja, zimalowera pa Mwanza. Ndikufuna bodi ivomere tigule makina ogaya pulasitiki yakale, kuti njere zina tizipanga tokha. Ndakonza masilaidi 41. Dzulo alembi a bodi andiuza kuti ndili ndi mphindi 10 basi. Ndichotse ati? Iliyonse ndikaiyang'ana ikuoneka yofunika.

aChisale: Chemwali, 41? Mukufuna kuwawerengera Masalimo onse? Silaidi yoyamba ikunena chiyani?

Nabanda: Mbiri ya kampani, kuchokera pomwe inayamba.

aChisale: Ndiye pomwepo. Amene akakhale m'chipindamo ena ndi omwe anaiyambitsa kampaniyo, mbiri yake amaidziwa kuposa inu. Ndikuuzeni zomwe zinandionekera ndili mnyamata, pakampani ina ku Limbe. Ndinalankhula mphindi pafupifupi 20, matchati okongola, thukuta lili kamukamu m'kati mwa jekete. Apampando, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, anavula magalasi, kuwaika pamwamba pa pepala langa, n'kufunsa kuti, "Mwana wanga, kodi ukufuna tikupatse chiyani?" Yankho linali pa silaidi yomaliza, yomwe sindinafikepo. Nkhani yanga anaikankhira kumsonkhano wina, miyezi itatu kutsogolo. Inu yambani ndi pempho. Mawu oyamba mukatha kupereka ulemu akhale akuti: ndikupempha bodi ivomere ndalama zakutizakuti zogulira makina, ndipo zidzabwerera m'miyezi yakuti. Zina zonse zibwere kudzaikira umboni pempholo.

Nagama: Ndikugwirizana ndi achimwene aChisale. Ine ndikanasiya masilaidi asanu. Koma imodzi ikhale ya kwacha, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yanu. Mu May 2022 inagwa ndi 25%, mu November 2023 inagwanso ndi 44%, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Ndiye kuti katundu wa $1,000 amene munkalipira K1,180,000 anadzuka m'mawa ali K1,700,000, mtengo wa wogulitsa osasintha ngakhale pang'ono.

aMbewe: Zoona, koma za kugwa kwa kwacha palibe wa m'bodi amene sakuzidziwa, zinawapweteka m'matumba mwawo. Musawaphunzitse. Aonetseni zomwe zinachita pa ndowa imodzi yanu. Njere zolowa mu ndowa imodzi zinali ndalama zingati kale, pano zingati, ndipo mtengo wa ndowayo kwa ogula a mu msika wa Limbe mwaukweza ndi zingati. Kusiyana kwakeko ndiye phindu lomwe likutuluka pakhomo. Manambala atatu okha, akuluakulu, oti munthu wokhala kumapeto kwa tebulo awone osatsinzina diso limodzi. Tebulo la Excel lodzaza tinambala musaliike pakhoma, likhale m'mapepala.

Nabanda: Ndimaganiza zotenga ndowa ziwiri, ina ya njere zatsopano, ina ya zogaya. Tinayesapo pang'ono ndi njere zomwe tinagula kwa munthu wina wa ku Ndirande.

aMbewe: Tengani! Muziike patebulo pomwepo, azigwire okha.

Mayi Kalua: Mundikhululukire, ine ndiona mosiyana pang'ono. Ndakhalapo mbali inayo ya tebulo, mu komiti ya zachuma. Ndowa azigwira, aseka, wina anena kuti akufuna ya kunyumba, mphindi zitatu zapita. Sindikuletsa, koma zisakhale ndiwo zake. Chomwe chimagwetsa mapempho otere ndi funso lomwe wopempha sanaliyembekezere. Mwana wanga Nabanda, makinawo mugula ndi ndalama yanji?

Nabanda: Ndi madola, mayi. Akuchokera kunja.

Mayi Kalua: Mwaona. Mukubwera kudzati forex ikusowa, tikumadikira masabata kuti banki itipezere madola a njere, kenako mukupempha madola ena ochuluka nthawi imodzi. Wina akufunsani zimenezo, ndipo mukachita chibwibwi basi nkhani yafera pomwepo. Linenereni nokha funsolo asanalifunse. Nenani kuti inde makina afuna madola kamodzi, pamene njere zimafuna madola mwezi ndi mwezi, ndipo muonetse mwezi umene madola opulumutsidwa adzapose omwe analowa m'makina. Zipangizo zosinthira zikaonongeka nazonso ndi za madola, muziwerengere. Kenako konzekerani ena awa. Magetsi akazima makinawo ayendera jenereta, dizilo wake ali m'masamu anu? Pulasitiki yakale muzitenga kwa ndani, ndipo idzakwana chaka chonse kapena mukulimbirana ndi ena ogaya? Chachitatu, ndipo ichi musachiphonye: zogaya muzipangira chiyani? Beseni lochapira palibe vuto. Koma chigubu cha mafuta ophikira kapena madzi akumwa ndi nkhani ina, poti simudziwa kuti pulasitiki yotoledwayo munali chiyani kale. Nenani poyera kuti zosungira zakudya zikhalabe za njere zatsopano, ndipo za miyezo mufunsa a Malawi Bureau of Standards. Mukanena nokha, amaona kuti munthuyu waganiza.

Nabanda: Eee, za dizilo sindinaike n'komwe. Zikomo mayi, usiku uno ndibwerera ku masamu.

Nagama: Masilaidi 36 otsalawo musataye. Aikeni kumbuyo, muwapatse manambala, ndipo mulembe papepala kuti za dizilo zili pa 14, za ogulitsa makina pa 22. Wina akafunsa mumangodumphira pomwepo. Zimaoneka bwino kwambiri kuposa kufufuza uku mukupepesa.

aChisale: Komanso sindikizani. Blantyre yathu ino mukuidziwa, pulojekita ikhoza kuzima muli pakati pa chiganizo. Tsamba limodzi lokhala ndi pempho, manambala atatu aja ndi zoopsa zake, aliyense lake. Mupatseni mlembi mawa kuti alowetse m'mapepala a bodi, ena amawerenga usiku.

aMbewe: Ine langa ndi la ntchito yanu chemwali. Papepalapo palembedwe dzina lanu. Ambirife tinakhala zaka tikukonzera ena malipoti, kukwezedwa n'kumapita kwa amene anaimirira kutsogolo.

Mayi Kalua: Dzina lilembedwe, koma pambali pa la abwana ake. Ndipo muwaimbire foni asanafike Lachinayi, muwawerengere pempho lonse ndi ndalama zake. Munthu akabwera kutchuthi n'kumva kwa apampando zinthu zomwe sakuzidziwa, mwadzipangira mdani wokhala naye ofesi imodzi. A bodi aona okha amene akuyankha mafunso, simufunika kudziguguda pachifuwa.

aMbewe: Pamenepo ndagonja, mayi.

Nabanda: Nanga mantha? Mawu anga amanjenjemera ndikangoyamba.

Nagama: Ziganizo ziwiri zoyambirira muziloweze pamtima ngati vesi la Sande sukulu. Zikatuluka zimenezo mtima umakhala pansi. Yesezani mokweza, foni ikuwerenga nthawi, mpaka muzithera pa mphindi 7. Zitatuzo adya okha ndi mafunso. Ine ndinkayeseza m'galimoto pa mzere wa pa Chichiri madzulo, oyenda pansi ankayesa ndikukangana ndi munthu.

aChisale: Ndipo chomwe simukuchidziwa musapeke. "Ndilibe nambala imeneyo pano, ndikutumizirani mawa lisanafike 10 koloko." Kenako mutumizedi.

Nabanda: Akuluakulu, ndabwerako ku bodi kuja. Ndinalowa ndi masilaidi asanu ndi ndowa ziwiri. Ndowa sanazilabadire kwenikweni, bambo mmodzi yekha anaiponda ya zogaya ija kuti aone ngati ingasweke, sinasweke. Funso la madola ndinalinena ndekha pa silaidi yachitatu, ndipo mayi wina amene anali atalemba kale kanthu papepala lake anangokhwatcha n'kugwedeza mutu. Chomwe chinandigwira ndi china: anafunsa za madzi otsukira pulasitiki isanagayidwe, kuti tiwataya kuti. Ndinalibe yankho, ndinalonjeza kutumiza. Sanavomere kugula. Ati ndibwere ndi makoteshoni atatu komanso mgwirizano wolembedwa ndi otolera pulasitiki osachepera awiri, ndipo apampando anena kuti ndidzabwerenso ineyo, abwana akhale pambali.

Mayi Kalua: Za madzi zija mwatumiza?

Nabanda: Ndikulemba pano mayi, ndiwatumizira isanakwane 9. Amene akudziwa munthu wodziwa za madzi otuluka m'mafakitale andilembere kumbali chonde, ndili pa foni mpaka usiku.