Banja la kwa Khombedza: za mutu wa Esinati

Amalume: Odi nonse. Tangobwera kuchipatala cha boma ku Salima ndi Esinati. Adokotala amuunika m'maso ndi katochi kaja, akuti mtsempha wa kuseri kwa diso watupa, maso onse awiri. Atilembera kalata yopita ku Central ku Lilongwe.

Azakhali: Mtsempha wa diso? Nanga si mwanayu amadandaula mutu? Ine ndimati akufunika magalasi basi

Chikondi: Azakhali, vuto silili m'diso. Mtsempha umenewo umachokera ku ubongo, ndipo umazunguliridwa ndi madzi omwe aja a mu ubongo. Madziwo akapanikizana m'mutu, mtsempha umatupa pamene walowera m'diso, ndiye adokotala amaonera pamenepo. Kuwodi kwathu timaziona. Amalume, mutuwo umakula nthawi yanji? Akusanza?

Amalume: M'mawa akamadzuka, ndipo wasanza kawiri. Akuti akawerama pa mjigo amaona mdima kanthawi pang'ono, m'khutu mukumveka ngati mtima ukugunda.

Chikondi: Ndiye zodikira malipiro a pa 25 ayi. Ku Central ayamba ndi kujambula mutu pa CT, makina oona m'kati mwa mutu. Akaona kuti mulibe chotupa, ndi pamene amatenga madzi a pamsana, omwe ndi amodzi ndi a mu ubongo aja, kuyeza kupanikizana kwake ndi kufufuza matenda oumitsa khosi.

Azakhali: Madzi a pamsana ayi mwanawe!! Anthu amati munthu sadzukanso

Chikondi: Ndikudziwa mantha ake, Azakhali. Singano imalowa m'munsi m'chiuno, pamene mtsempha waukulu wa msana watha kale. Ambiri amene mumamva aja amafika matenda atakula. Chimene ine ndikuopa ndi kuchedwa: mtsempha ukatupa nthawi yaitali umafota, maso sabwereranso.

Yohane: Ndawerenga zonse kuno ku Joni. Ndatumiza K60,000 pa Airtel Money ya Amalume, ya minibasi ndi chakudya. Wodikirira odwala akhala ndani?

Mlamu: Ine, koma ana asale ndi Azakhali. Ndinyamula ufa, usipa ndi mbaula.

Chikondi: Mlamu, musamusiye yekha Esinati. Mankhwala odontheza okulitsa kamwana ka diso, amene amathira pounika m'maso, amachititsa chimbuuzi maola angapo. Osaiwala buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene wakhala akumwa, ngakhale a ku golosale.

Azakhali: Chabwino, anawo abwere. Koma a pamsanawo mundiimbire kaye ndipemphere

Amalume: Mawa 5 koloko tikumane pa Kamuzu Road. Mlamu, kalata ili ndi ine.